MADZUWA AWIRI PA CITHUNZI CIMODZI

 Nkhani yathu ya lero ndi ya dzuwa. Ndidziwa kuti wina wayamba kale kung'ung'udza kuti, "Kodi munthuyu zokamba zamthera, kuti afune kutiphunzitsa dzuwa limene tinabadwa tirikuliona?" Pepani, yambani mwamva. Dzuwa limene nditi ndinene si lokhalo limatiocha m'munda iai, koma ndi linzacenso limene ana athu alikulipanga m'kompyuta. Ndipo funso langa ndi lakuti, kodi awiriwa angamvane bwanji?

Ambiri a inu mwaonapo zikwangwani zimene amaimika pa malo pamene afuna kumangapo nyumba yaikulu. Pansi pali udzu ndi mulu wa mcenga cabe, maziko sanakumbe, koma pa cikwangwani nyumba yatha kale: mazenera alikunyezimira, magalimoto aima pabwalo, ndipo kumwamba kuli thambo lokongola. Cithunzi cotere sicijambulidwa ndi kamera, pakuti kamera siingajambule cinthu cimene kulibe. Munthu amaumba nyumbayo m'kompyuta, khoma ndi khoma, monga mwana aumba ng'ombe ya dothi ku dambo. Atatero amauza makinawo kuti, "Kuwala kucokere uku," ndipo makina amawerengera okha pamene pagwe mthunzi. Koma thambo kawiri-kawiri saumba. Amabwereka cithunzi ca thambo leni-leni cimene munthu wina anajambula kwina, nacipacika kumbuyo kwa nyumba. Pamenepo ndipo pagona mlandu wathu. Makolo athu, poona koyamba nkhope ya munthu pa pepala, sanabvutike kufuna dzina lacilendo. Anati ndi cithunzi, mau a pa banja limodzi ndi mthunzi. Nkhani yanga itsata ubale umenewo.

Ndiri ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira nchito imeneyi. Tsiku lina kunadza kwa iye mai wamasiye, wogulitsa nsalu, amene anapeza puloti m'mbali mwa mseu kunja kwa tauni. Anafuna kumangapo sitolo ya khonde, monga aja a ku Down Shops, kuti atelala awiri azikhala pakhondepo ndi makina ao, ndi kuti zitenje azizipacika panja odutsa aziziona. Ndalama zace zinali za zaka zambiri, zosunga pang'ono-pang'ono, ndipo anafuna kuyamba waona ndi maso asanagule ndi thumba limodzi lomwe la simenti. Khomo la sitolo linayenera kupenya kumseu, ndiko kumadzulo. Mnyamata anacezera usiku utatu, nabwera ndi cithunzi cokoma ndithu. Kuseri kwa denga kunali thambo lofiira la cisisira, dzuwa lirikumira m'mitambo. Kumaso kuno khoma linali loyera mbee, ndipo khonde linali ndi mthunzi wozizira wofuna kugonamo. Maiyo anaomba m'manja. Inenso ndinali pomwepo, ndipo ndibvomere pamaso panu kuti sindinaone colakwa ciri conse.

Koma panali mkulu wina wa imvi, mmisiri wa njerwa, amene cibadwire sanakhudzepo kompyuta. Iyeyo anatenga pepala lija, naliyang'ana nthawi yaitali, nati kwa mnyamata, "Mwana wanga, kodi kumene unaphunzira iwe madzuwa alipo awiri?"

Mnyamata anati, "Bwanji, agogo?"

"Taona. Dzuwa ili liri kuseri kwa nyumba. Munthu akaima pakati pa iwe ndi moto, kodi umaona nkhope yace yowala? Khoma ili liyenera kuda, ndipo mthunzi wa nyumba uyenera kudza kwa ife. Koma iwe khoma waliwalitsa, ndipo mithunzi ya nsanamira irikuthawira kumbuyo, kunka kumene kuli dzuwa komweko. Ndiye kuti kumbuyo kwathu kuno kuli dzuwa lina limene watibisira." Anakhala cete pang'ono, naonjeza kuti, "Ndiponso kuseri kwa sitolo iyi ndi kum'mawa. Ine ndakalamba, koma dzuwa lolowera kum'mawa sindinalione."

Zolakwa zinali ziwiri, ndipo tiyeni tiyambe ndi coyambaco. Mnyamata sanali wopusa. Anagwa m'dzenje limene amagwamo ambiri. M'kompyuta dzuwa lojambulidwa pa thambo ndi cinthu cina, nyali imene iponya mithunzi ndi cinthu cinanso, ndipo ziwirizi sizidziwana kufikira munthu atazidziwanitsa. Nyali imeneyo iri ndi khalidwe lacilendo: ungaiike kutali kapena pafupi, kumwamba kapena pansi, palibe cisintha, kanthu ndi kumene yaloza. Anaipanga tero potsanza dzuwa leni-leni, limene liri kutali makilomita 150 miliyoni, kotero kuti kuwala kwace kumafika pa nyumba yanu ndi pa nyumba ya mnansi wanu kocokera mbali imodzi-modzi, monga mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Cifukwa cace dzuwa lonse la m'kompyuta limagona pa manambala awiri okha: lakwera motani, ndipo liri mbali iti. Musaope, pakuti manambala awa mumawadziwa kale. Agogo anu akatambasula mkono nati, "Ndidzafika dzuwa liri apa," mkono umodziwo wanena zonse ziwiri.

Nanga thambo lobwereka lija amalipacika bwanji? Yesani kuti mwalowa m'nkhokwe yopanda cimanga, mwaima pakati, ndipo munthu wamata cithunzi kuzungulira m'kati monse, ndi ku denga komwe. Kuli konse kumene mungatembenukire muona thambo. Nyumba ya m'kompyuta imaima pakati pa nkhokwe yotere. Nzeru imeneyi inayamba m'caka ca 1976, pamene Jim Blinn ndi Martin Newell a ku Utah, m'dziko la America, anaonetsa m'mene cinthu conyezimira cingaonetsere zocizinga. Koma masiku amenewo cithunzi cozingaco cinali congoonekera monga m'kalirole, cosaunikira kanthu. M'caka ca 1998 Paul Debevec wa ku Berkeley anaonetsa kuti cithunzi cimeneco cikhoza kukhala nyali ico comwe. Iye ankaika mpira wacitsulo wonyezimira pa malo amene afuna, naujambula kangapo, kuyambira kutsegula kamera kanthawi kocepetsetsa kufikira kuitsegula nthawi yaitali, ndi kuphatikiza zonsezo kuti cithunzi cisunge mphamvu ya kuwala monga inaliri, ya m'mdima ndi ya powala pomwe. Zithunzi zotere amazicha HDR. Zikapangidwa bwino, dzuwa la pa thambo limaponya lokha mthunzi, ndipo mlandu wa madzuwa awiri suyambika konse.

Koma dzuwa ndi louma mutu, silifuna kulowa m'kamera. M'caka ca 2004, pa msonkhano wa AFRIGRAPH ku Stellenbosch, m'South Africa, Jessi Stumpfel ndi Debevec yemweyo pamodzi ndi anzao analongosola kuti pofuna kugwira thambo ndi dzuwa lace, kamera iyenera kupirira kuwala kowirikiza pawiri-pawiri nthawi 17. Amene muli ndi pensulo werengani: 2, 4, 8, 16, kunka m'tsogolo, pa nthawi ya 17 mufika pa 131,072. Iwo anacita kubveka kamera galasi lakuda kuti zitheke. Si onse ojambula amabvutika cotero, ndipo mathambo ambiri opezeka pa intaneti ali ndi dzuwa lodulidwa mphamvu: likaoneka ndi kadontho koyera, koma kuwala kwace sikupambana kwa mtambo uli pambali pace. Dzuwa lotere limaponya mthunzi wofooka ngati wa mwezi uli m'mitambo. Ndico cifukwa cace anchito amayatsa nyali ija kuti ithandize. Ndipo akaiyatsa osaiyang'anitsa kumene kuli dzuwa lojambulidwa, madzuwa asanduka awiri.

Tsono njira yowagwirizanitsa ndi iyi. Nkhokwe ija akaiphwasula naiyala pansi ngati mphasa, m'litali mwace mumaposa m'lifupi kawiri, pakuti kuzungulira konse ndi madigiri 360, ndipo kucokera pansi pa mapazi kufika paliwombo ndi madigiri 180. Mzere wa pakati ndiwo cizimezime, pamene thambo likomana ndi dziko. Cithunzi ciri conse ca m'kompyuta ndi timadontho tondandalika. Tinene kuti cathu ciri ndi timadontho 3,600 m'litali ndi 1,800 m'lifupi. Ndiye kuti timadontho 10 ndi digiri imodzi. Coyamba mucidetse cithunzico pang'ono-pang'ono, mitambo izime, thambo lide bii, kufikira patatsala malo amodzi owala. Limenelo ndilo dzuwa. Ndipo mudzadabwa kucepa kwace, pakuti dzuwa pa thambo ndi theka la digiri cabe, ndiwo timadontho tisanu. Kanthu konga njere ya mapira ndiko kalamulira cithunzi conse. Werengani tsono kucokera pa mzere wa pakati kunka kumwamba: mukapeza timadontho 530, dzuwa lakwera madigiri 53. Werenganinso copingasa kucokera pakati pa cithunzi: mukapeza 900, dzuwa liri madigiri 90 kumbali, monga munthu wopenya kumpoto atembenuka napenya kum'mawa. Manambala awiri aja a mkono wa agogo mwawapeza, muwapatse nyali.

Musafulumire kukondwa. Mapulogalamu a kompyuta sagwirizana pa malo oyambira kuwerenga, ndipo ena amazungulira ca kumanja, ena ca kumanzere. Nambala yoona ikhoza kuponya nyali ku mbali yabodza. Cifukwa cace mmisiri wocenjera amayesa. Amaimika mzati m'bwalo la m'kompyutamo, nazima nyali, kuti thambo lokha liunikire. Mzati uponya mthunzi, ngakhale wofooka. Akayatsa nyali, uponya waciwiri. Mithunziyo ikapatukana ngati mphanda, mbali yalakwika. Ikagona njira imodzi koma wina nkutalika kupambana unzace, kukwera kwalakwika. Azitembenuza nyali kufikira waciwiri utagona pamwamba pa woyamba, mutu pa mutu. Ena amaikanso mpira wonyezimira pambali pa mzati: poyamba muoneka nyenyezi ziwiri, ndipo nchito yatha pamene zasanduka imodzi. M'pulogalamu yochedwa Blender, imene Ton Roosendaal wa ku Holland anaimasula m'caka ca 2002 kuti ali yense aitenge kwaulere, anthu anapangira kathandizi kochedwa Sun Position, kamene munthu amangoloza nako dzuwa pa cithunzi, ndipo nyali imamangidwa pomwepo monga mbuzi pa cikhomo. Ukazunguza thambo, nyali itsata. Catsala cimodzi: ngati dzuwa lojambulidwa liri ndi mphamvu yace yonse, nyali siifunika, pakuti mukaphatikiza ziwirizi khoma lipsa ndi kuwala kowirikiza.

Nthawi zina dzuwa silioneka konse pa cithunzi cobwereka, liri kunja kwa malire ace. Pamenepo munthu ayenera kulilonda monga mlenje alonda nyama. Mtambo uli wonse uli ndi mbali yowala ndi mbali yakuda, ndipo yowalayo ipenya kwa mwini kuwala. Thambo limayera pafupi ndi dzuwa, ndipo limabiriwira kwambiri ukatalikirana nalo ngati madigiri 90. Pakaoneka nthaka, lembani mzere kucokera pa nsonga ya mthunzi kupyola pa nsonga ya cinthu cimene cauponya. Citani tero ndi mtengo, ndi nsanamira, ndi munthu woima. Mizere yonseyo iyenera kukomana pa malo amodzi, popeza dzuwa ndi limodzi. Njira yofanana ndi imeneyi ndiyo anailongosola Eric Kee, James O'Brien ndi Hany Farid m'caka ca 2013, yogwirira zithunzi zacinyengo, zimene munthu wamatidwa pa malo pamene sanapondepo. Wonama amakumbuka nkhope ndi zobvala, koma mthunzi amauiwala.

Ndinati ine sindinaone colakwa, ndipo manyazi anandigwira masiku angapo, munthu wopita ku sukulu kugonja kwa mkulu wosagwira pensulo. Cinanditonthoza ndi ici: m'caka ca 2005 Yuri Ostrovsky, Patrick Cavanagh ndi Pawan Sinha anafalitsa zimene anapeza poyesa anthu ndi zithunzi za kuwala kosagwirizana, ndipo anaona kuti maso a munthu sacenjera msanga pa zimenezi. Ojambula ndi opanga mafilimu anadziwa kale cimeneci, ndipo amaba kuwala dala kuti nkhope ya mwini nthano ioneke bwino. Filimu ya The Lion King ya 1994 ataipanganso m'caka ca 2019, mkango, udzu ndi mapiri zonse zinaumbidwa m'kompyuta. Mtsogoleri wace Jon Favreau ananena kuti cojambulidwa ndi kamera cinali cimodzi cokha, ndico kutuluka kwa dzuwa kumene filimuyo iyambira. M'nthano zotere dzuwa lingaime pamene mwini nthano afuna, ine ndiribe nazo mlandu. Koma cithunzi cimene mai wamasiye ati aonongerepo ndalama zace si nthano iai. Mmisiri uja anaona msanga cifukwa sanali kuyang'ana kukongola; anali kufunsa kuti adzakhala mbali iti pomanga kuti asapse msana.

Apa tafika pa colakwa caciwiri, cimene ine ndiciyesa cacikulu. Ungathe kugwirizanitsa nyali ndi thambo bwino lomwe, madzuwa nkukhala limodzi, koma limodzilo nkukhala la eni ace, losati la kuno. Chipata ali pa madigiri 13.6 kumwera kwa ikweta, ndi 32.6 kum'mawa kwa Greenwich. Pa 21 June, m'kati mwa cisanu, dzuwa la masana limangokwera madigiri 53, liri ca kumpoto, ndipo mzati wa mita imodzi uponya mthunzi wa masentimita 75 kuloza kumwera. Pa 21 December limakwera madigiri 80, koma liri ca kumwera, ndipo mthunzi wa mzati womwewo ndi masentimita 17 okha, kuloza kumpoto. Pakati pa nyengo ziwirizi limadutsa paliwombo peni-peni kawiri pa caka, ca pa 29 October ndi ca pa 12 February. Ndiye kuti miyezi isanu ndi itatu ndi theka dzuwa lathu la masana liri kumpoto, ndipo miyezi itatu ndi theka liri kumwera. Potuluka pace nalonso siliima malo amodzi: m'June limatulukira madigiri 24 kumpoto kwa kum'mawa kweni-kweni, m'December madigiri 24 kumwera kwace. Wojambula Nc'wala ya ku Mtenguleni, imene imacitika kumapeto kwa February, akapatsa amadoda mithunzi yaitali pa nthawi ya masana, wanama, pakuti tsiku limenelo mthunzi wa munthu umakhala pansi pa mapazi ace.

Ana athu ambiri amaphunzira nchito iyi pa intaneti, kwa aphunzitsi a ku maiko a kumpoto. Ku London dzuwa la masana liri kumwera caka conse, ndipo m'December limangokwera madigiri 15. Mphunzitsi wa kumeneko akati, "Mazenera akulu apenye kumwera kuti alandire dzuwa," wanena zoona za kwao. Mwana wa kuno akameza mauwo osatafuna, adzapendeketsa ngakhale magalasi a sola kumbali yolakwika, pamene kuno ayenera kupenya kumpoto. Pali msampha winanso waung'ono koma woopsa. Mapulogalamu amatha kuwerengera okha pamene dzuwa liri ukawapatsa malo, tsiku ndi ola. Ndipo Blender m'caka ca 2020 anaikamo thambo lowerengera, lochedwa ndi dzina la Tomoyuki Nishita wa ku Japan, m'mene dzuwa ndi thambo zibadwira pamodzi. Koma polemba malo a kumwera kwa ikweta uyenera kutsogoza kamzere kocotsera, ulembe -13.6. Ukaiwala kamzere kameneko, sitolo yako waimanga m'Sudan, kumpoto pang'ono kwa tauni ya Kosti, m'mbali mwa White Nile. Ngakhale mathambo aulere a Poly Haven, amene Greg Zaal wa ku South Africa anayambitsa, ndipo ambiri a iwo anajambulidwa m'dziko lakwao, ayenera kusankhidwa ndi maso. Johannesburg ali pa madigiri 26, kumene dzuwa silifika paliwombo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo m'June limangokwera ngati madigiri 40. Nkhokwe ija ungathe kuizunguza kuti dzuwa lifike mbali imene ufuna, koma sungaipendeketse kuti likwere, pakuti cizimezime cipendekera pomwepo. Uyenera kufuna thambo limene dzuwa lace linakwera kale pa msinkhu woyenera.

Ndinenenso mwacidule za nyengo, pakuti thambo liri ndi zobvala zace. La May ndi June, mvula itangotha, ndi lobiriwira ndi loyera maso. La September ndi October ndi lotuwa ndi utsi wa lupsa ndi pfumbi. Mapiri ozinga tauni yathu amaoneka ngati ali kuseri kwa nsalu, ndipo dzuwa limafiira lisanafike pansi. Mitambo ikulu-ikulu yonga mapiri ndi ya dzinja. Ukaika thambo la dzinja pamwamba pa udzu wouma wa cilimwe, mlimi ali yense akuseka. M'mphepete mwa mthunzi namonso muli umboni: pa tsiku loyera mumafewa ngati sentimita imodzi pa mita iri yonse imene cinthu catalikira pansi, ndico cifukwa mthunzi wa phazi ndi wakuthwa koma wa nsonga ya mtengo ndi wosamveka bwino, pa tsiku la utsi kapena la mitambo yopyapyala mumafewa koposa.

Tibwerere ku sitolo ija. Mnyamata anakwiya tsiku limodzi, monga acitira anyamata, koma m'mawa mwace anadza kwa ine nati, "Amalume, tiyeni mundithandize kuwerenga." Tinapita ku puloti ndi kampasi ya m'foni, natsimikiza kumene khomo lipenya. Anataya thambo lofiira lija, nalemba manambala a Chipata ndi kamzere kace, nasankha tsiku la kumapeto kwa October, nyengo imene kutentha kufika pa cimace, ndi ola la 4 koloko madzulo. Pa ola limenelo dzuwa liri madigiri 25 okha pamwamba pa cizimezime, pafupi ndi kumadzulo kweni-kweni, ndipo mthunzi wa cinthu umaposa msinkhu wace kawiri. Khonde la pa pulani linali la mamita awiri, mlomo wa denga lace unali mamita awiri ndi theka kucokera pansi. Makina atamaliza kuwerengera, mthunzi wozizira uja unali utapita. Dzuwa linalowa pansi pa denga, linadzaza khonde lonse, nilikwera khoma kufika mita imodzi ndi theka, pa cifuwa pa munthu wamkulu. Ndiye pomwepo pamene atelala anayenera kukhala, ndi pamene zitenje zinayenera kupacikidwa. Amai amene muli kumvetsera mudziwa cimene dzuwa la October licita ndi nsalu yatsopano.

Cithunzi caciwiri sicinali cokongola monga coyamba, ndipo maiyo sanaombe m'manja. Anaciyang'ana nati, "Tsono titani, mwananga? Mseu sitingausunthe." Pamenepo nchito inayamba kukoma, pakuti mkulu uja ndi mnyamata anakhala pa benci limodzi, wina alikunena, wina alikusintha m'makina, ndipo dzuwa lirikuwayankha nthawi yomweyo. Kutalikitsa khonde kunathandiza pang'ono cabe, popeza dzuwa lotsika limakwawira pansi pa denga liri lonse. Cimene cinathandiza ndi kutembenuzira khonde la atelala ku mbali ya kumwera kwa nyumba, kumene miyezi yambiri dzuwa silifika, ndi kuchinga mbali ya kumseu ndi njerwa za maenje zolowetsa mphepo, kusiya khomo ndi zenera limodzi loonetsera nsalu. Anayesanso December, pamene dzuwa libwerera kumwera, napeza kuti masana liri pamwamba kotero kuti denga lalifupi likwanira, koma madzulo lisuzumira pa ngondya. Pamenepo mkuluyo anati aonjezepo njerwa mizere ingapo, ndipo maiyo anati adzabzalapo mango.

Amene mufuna kuona nokha ngati manambala anga ndi oona, simusowa kompyuta. Pa 29 October imikani mtengo woongoka pabwalo, muuyese ndi cingwe comangirira mwala kuti usapendeke. Musadikire 12 koloko, pakuti koloko ya dziko lathu inacheredwa pa mzere wa madigiri 30, ndipo ife a kum'mawa dzuwa limatifika msanga, mphindi 17 lisanafike paliwombo pa a ku Lusaka. Ndiponso mwezi umenewo dzuwa limatsogola pa koloko. Khalani pamenepo nthawi itangopitirira hafu pasiti 11. Mudzaona mthunzi ulikufupika kucokera kumadzulo, nulowa pansi pa mtengo, nutulukira kum'mawa. Ana muwauze ayang'ane pansi, asayang'ane dzuwa. A ku Lundazi tsikulo limakufikani kutatsala masiku anai, a ku Katete litapitirira limodzi kapena awiri. Mitambo ikakumanani, mudikire February. Gonani bwino nonse.